Makina Alowa M'kalasi, Koma Woitana Maina Ndi Mphunzitsi

Tsiku la sukulu iliyonse m'dziko muno limayamba ndi ntchito zazing'ono zimene anthu ambiri saziwerengera: kuliza belu, kusesa pabwalo, kufola pamzere, ndi kuitana maina a ana m'kalasi. Ntchito zimenezi ndizo mizati ya sukulu, pakuti mwana amene sanafike sangaphunzire ngakhale buku litakhala labwino chotani, ndipo mphunzitsi amene sakudziwa kuti wajomba ndani sangathe kumulondola. Masiku ano zipangizo zamakono monga matabuleti, mafoni a m'manja ndi makompyuta zayamba kulowa m'sukulu za pulaimale kudzathandiza pa ntchito zomwezi. Ichi ndi chitukuko choyenera kuchilandira ndi manja awiri. Komabe nkofunika kuti atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma amvetse kuyambira pachiyambi kuti phindu la makinawa silidzaoneka pa tsiku lowapereka, pamene pamakhala nyimbo, magule ndi malankhulidwe. Lidzaoneka m'mawa uliwonse pa funso limodzi: mwana akajomba, kodi alipo amene wadziwa msanga, ndipo wachitapo chiyani?

Boma la Chitipa ndi malo oyenera kuyeserako nkhani imeneyi. Bomali, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lino, ndipo lachita malire ndi Tanzania ndi Zambia. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kuli anthu pafupifupi 235,000, amene akhala momwazikana m'madera a mafumu monga Mwabulambya, Kameme, Mwenemisuku, Mwenewenya ndi Nthalire. Kuchokera ku Lilongwe, kumene kuli likulu la Unduna wa Zamaphunziro, ndi ulendo wa makilomita oposa 600. Msewu wa tala wochokera ku Karonga unafewetsa ulendo wofika paboma, koma sukulu zambiri zili kutali ndi tala: m'mapiri a Misuku, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, cha ku mtsinje wa Songwe, ndi kummwera ku Wenya ndi ku Nthalire, kumene galimoto imavutika kufika nyengo ya dzinja. Kalata yochokera ku sukulu zoterezi imatenga masiku kuti ifike ku ofesi ya maphunziro, ndipo yankho lake limatenga masiku enanso. Kumene mtunda uli wautali chonchi ndi kumene uthenga wa pafoni ungathandize koposa.

Kaundula wa m'kalasi si chinthu chachilendo, pakuti aphunzitsi akhala akuitana maina kuyambira m'masiku a sukulu za mishoni. Ntchitoyi inalemera mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale anayamba kukhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana m'dziko muno chinakwera m'chaka chimodzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Cholinga cha Unduna nchakuti mphunzitsi mmodzi azisamalira ana 60, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri ana amapitirira pamenepo. Mwachitsanzo, mphunzitsi wa ana 80 akamatha masekondi asanu pa dzina lililonse, kuitana maina kokha kumamudyera mphindi pafupifupi 7 patsiku, ndipo pa sabata ndi mphindi zoposa 30, zomwe ndi phunziro lathunthu. Nchifukwa chake ena amangowerenga mitu, ndipo ena amadzaza kaundula Lachisanu pongokumbukira. Ngakhale pamene kaundula walembedwa mwadongosolo, amabwezedwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu, ndipo zimene zili m'menemo zimadikira tsiku limene mlangizi wa zamaphunziro adzapeze mafuta a njinga yamoto.

Unduna umasonkhanitsa chiwerengero cha sukulu zonse kamodzi pachaka kudzera m'dongosolo lotchedwa EMIS. Chiwerengero chimenechi nchothandiza pokonza mapulani a midadada, mabuku ndi aphunzitsi, koma sichingapulumutse mwana mmodzi. Mtsikana wa Sitandade 6 amene wasiya kubwera m'teremu yachiwiri amadzaoneka m'mabuku a Unduna ngati nambala chaka chotsatira, pamene mwina wakwatiwa kale kapena wawoloka malire kukasaka ganyu ku Tunduma kapena ku Nakonde. Kusiya sukulu sikuchitika tsiku limodzi. Kumayamba ndi kujomba pa tsiku la msika, kenaka nyengo yopalira, yothyola khofi kapena yoweta ng'ombe, kenaka sabata yathunthu, mpaka mwana amachita manyazi kubwerera chifukwa anzake amusiya kutali. Malamulo oteteza mwana alipo. Lamulo la Maphunziro la 2013 likuti maphunziro a pulaimale ndi okakamiza; mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18; ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma malamulo onsewa amadalira munthu amene wadziwa nthawi ikadalipo. Kuongola mtengo mpoyamba.

Dziko lino silinayambe lero kugwiritsa ntchito makina pofuna kufikira ana akutali. Mu 1965 kunakhazikitsidwa Malawi Correspondence College, imene inkaphunzitsa kudzera m'makalata mothandizidwa ndi wailesi. Pakati pa 2007 ndi 2012 pulogalamu ya Tikwere inkamveka pa wailesi ya MBC m'makalasi oyambirira a pulaimale, ndipo mphunzitsi ankatsogolera ana potsatira zimene wailesi inali kunena. Pamene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, wailesi yomweyo ndiyo inanyamula maphunziro a ana a pulaimale, pakuti intaneti inafikira ochepa. Phunziro la zaka zonsezi ndi limodzi. Kumene mphunzitsi ankatsegula wailesi pa nthawi yake, ana atakhala kale pansi, pulogalamu inkapindula. Kumene wailesi inawonongeka popanda woikonza, kapena inatengedwa kupita kunyumba, mau ankangoyenda mumlengalenga popanda wowamva.

Matabuleti ndiwo afika tsopano. Mu 2013 pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe panachitika kafukufuku wa akatswiri a ku University of Nottingham, amene anapeza kuti ana ophunzira masamu pa tabuleti kwa masabata 8 anachita bwino kuposa anzawo amene sanagwiritse ntchito pulogalamuyo. Pulogalamu ya m'matabuletiwo inapangidwa ndi bungwe la onebillion, ndipo bungwe la VSO linathandiza kuifikitsa m'sukulu zina. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro, mogwirizana ndi mabungwe awiriwa ndi la Imagine Worldwide, unayamba ndondomeko yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga choti m'kupita kwa zaka ifike m'sukulu zonse za pulaimale za Boma, zimene zili pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Sukulu za ku Chitipa zili m'kati mwa cholinga chimenechi. Matabuletiwa amagwira ntchito popanda intaneti, amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo mwana aliyense amavala zomvetsera m'makutu ndi kuphunzira kuwerenga ndi masamu molingana ndi pamene nzeru zake zafika.

Chimene ambiri saganizira nchakuti tabuleti ikalowa pasukulu imabweretsa ntchito zatsopano za tsiku ndi tsiku. Makinawa ndi ochepa poyerekeza ndi ana, motero makalasi amalandirana motsata ndandanda. Payenera kukhala munthu wotsegula kabati m'mawa, woona kuti matabuleti onse adzaza moto, wowagawa, wowasonkhanitsa, wowawerenga ndi wowabwezera pa moto kalasi ina isanafike. Ngati belu lachedwa ndi mphindi khumi, kalasi yomaliza ndiyo imalipira. Ngati wosunga makiyi wapita kumaliro kapena paboma kukatenga malipiro osasiya makiyiwo, ana mazana angapo amataya phunziro la tsikulo. Walira mvula walira matope. Sukulu imene imasunga nthawi ndi kugawana ntchito mwadongosolo idzapindula kwambiri ndi makinawa, pamene sukulu yachisawawa idzangoonjezera chisawawa chake. Pachifukwa ichi, kukonzekera kulandira matabuleti kuyenera kuyamba ndi belu, ndandanda ya maphunziro ndi kaundula, makatoni asanatsike m'galimoto.

Chipangizo chachiwiri chili kale m'thumba la aphunzitsi ambiri, ndicho foni ya m'manja. Bungwe la mayeso la MANEB linayamba kulembetsa olemba mayeso pa intaneti ndi kulandira ndalama za mayeso kudzera ku banki kapena pafoni. Aphunzitsi aakulu ndi alangizi awo amatumizirana zidziwitso pa WhatsApp, ndipo kalata imene kale inkayenda sabata imafika m'mphindi imodzi. Chotsala ndi kugwiritsa ntchito njira yomweyi pa nkhani ya kujomba. Ogwira ntchito za umoyo anasonyeza kale kuti nzotheka. Kuyambira cha mu 2011, alangizi a zaumoyo a m'midzi anayamba kutumiza chiwerengero cha mankhwala otsala pa uthenga wa pafoni kudzera m'dongosolo la cStock, pogwiritsa ntchito mafoni wamba a mabatani, ndipo chipatala chinkadziwa zoti chikonze mlangizi asananyamuke kukatenga mankhwalawo. Palibe chifukwa choti mphunzitsi wamkulu wa ku Ifumbo kapena ku Chisenga alephere kutumiza Lachisanu lililonse uthenga waufupi wonena kuti ana olembedwa ndi angati, ofika sabatayo ndi angati, ojomba masiku atatu otsatizana ndi angati, ndiponso aphunzitsi amene analipo ndi angati.

Maiko ena anayesa zotere, ndipo zimene anapeza nzoyenera kuzidziwa. M'boma la Udaipur ku India, dera la mapiri lomwe sukulu zake zili motalikirana, bungwe la Seva Mandir linapereka makamera m'sukulu zake zina kuyambira mu 2003. Mwana mmodzi ankajambula mphunzitsi ali ndi ana poyamba ndi potsiriza pa tsiku la sukulu, kamera inkadinda tsiku ndi nthawi, ndipo malipiro a mphunzitsi ankawerengedwa molingana ndi masiku amene anafika. Akatswiri amene anatsata ntchitoyi, mmodzi mwa iwo Esther Duflo amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019, anapeza kuti m'sukulu za makamera aphunzitsi ankajomba masiku 21 pa 100 aliwonse, pamene m'sukulu zina ankajomba masiku 42, ndipo ana a m'sukulu za makamera anachita bwino pa mayeso. Kamera payokha sinasinthe kanthu. Chimene chinasintha zinthu nchakuti zithunzizo zinkaonedwa ndi anthu amene ankachitapo kanthu mosakondera.

Umboni wa mfundo imeneyi unapezeka m'boma lomwelo la Udaipur. Makina odinda nthawi anaikidwa m'zipatala zazing'ono za Boma pofuna kuona kafikidwe ka anamwino. Miyezi yoyamba anamwino anayamba kufika bwino, koma pambuyo pake akuluakulu awo anayamba kuwakhululukira masiku ochuluka, makina ena anayamba kupezeka atawonongeka, ndipo patatha miyezi 16 panalibenso kusiyana pakati pa zipatala za makina ndi zopanda makina. Ku Peru, Boma linagawa makompyuta a m'manja mazana a zikwi kwa ana a sukulu, koma kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank, wotulutsidwa mu 2012 atayendera sukulu 319 za kumidzi, sanapeze kuti ana apita patsogolo pa masamu kapena pa chiyankhulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina ogawidwa popanda dongosolo la kagwiritsidwe ntchito, ndi makina amene akuluakulu salabadira zimene akunena, amatha ndalama za dziko popanda kusiya kanthu m'mutu mwa mwana.

Tsono kuti zipangizozi zipindule ku Chitipa, pali zinthu zingapo zofunika kuzisamalira. Choyamba ndi moto. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkawunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa kuposa apo. Ngakhale ndondomeko ya MAREP yafikitsa mawaya m'malo ambiri a malonda, sukulu zochuluka zidzadalirabe mphamvu ya dzuwa. M'madera okwera ngati Misuku, kumene mitambo ndi nkhungu zimatha kuphimba dzuwa masiku angapo, batire iliyonse ndi yamtengo wapatali. Chipangizo cha sola cha pasukulu chinapangidwa molingana ndi matabuleti amene chiyenera kudzaza, ndipo munthu akalumikizapo mafoni a mudzi wonse, wailesi ya kanema kapena makina ometera, amafupikitsa moyo wa batire ndi kulanda ana phunziro la mawa. Komiti ya sukulu iyenera kukhala ndi lamulo lomveka pa nkhaniyi, ndipo lamulolo liyambire pa akuluakulu a m'deralo.

Chachiwiri ndi netiweki. M'zigwa zina za bomali munthu amayenera kukwera pachulu kapena paphiri kuti foni igwire, ndipo m'madera a m'malire foni imatha kugwira msanga netiweki ya dziko loyandikana nalo kusiyana ndi ya kuno. Pachifukwa ichi njira iliyonse yotumizira chiwerengero iyenera kukhala yopepuka, yotheka pa foni ya mabatani, ndiponso yosafuna kuti mphunzitsi agule mayunitsi ndi ndalama za m'thumba mwake. Kupempha mphunzitsi wa kumudzi kuti adzaze fomu yaitali pa intaneti tsiku lililonse ndi kumuchotsa m'kalasi kuti akaime paphiri. Kaundula wa papepala asatayidwe. Iye ndiye mboni yoyamba, ndipo foni ndi mthenga wongonyamula zimene zalembedwa m'menemo. Bungwe la MACRA lili ndi thumba la ndalama lothandizira kufikitsa mauthenga kumadera amene makampani a mafoni saona phindu, ndipo khonsolo ya boma iyenera kukhala ndi mndandanda wa sukulu zopanda netiweki kuti pempho lake likhale ndi umboni.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Chitipa ndi boma la ziyankhulo zambiri: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga, Chimambwe ndi zina. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Kameme kapena ku Misuku akhoza kufika mu Sitandade 1 asanayambe kulankhula Chichewa, pamene mabuku ake ndi mau a mu tabuleti akumulankhula m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tabuleti ili ndi ubwino wakuti sitopa kubwereza liu mpaka mwana alimve, koma singamufunse m'chiyankhulo cha amake chifukwa chimene akulirira, kapena chifukwa chimene sanabwere dzulo. Ntchito imeneyo ndi ya mphunzitsi. Nchifukwa chake ogawa aphunzitsi ayenera kuyesetsa kuti m'makalasi oyambirira mukhale munthu wodziwa chiyankhulo cha deralo, ndipo pa nthawi ya matabuleti mphunzitsi aziyendayenda pakati pa ana kuona amene wasokonezeka. Nthawi imeneyo si yopumula, ndiponso si yoti mphunzitsi atulutse foni yake kucheza ndi anzake.

Chachinayi ndi chilungamo pa chiwerengero. Kompyuta imalandira chilichonse chimene yapatsidwa, ndipo bodza likalowamo limatuluka litavala bwino, lili m'mizere yooneka ngati yoona. Popeza thandizo la ndalama ndi mabuku ku sukulu limayendera kuchuluka kwa ana, chiyeso chimakhalapo chosunga m'kaundula maina a ana amene anasiya kale. Popeza palibe mphunzitsi wamkulu amene amafuna kuoneka wolephera, chiyeso china nchobisa kujomba. Mankhwala a ziyeso ziwirizi ali m'manja mwa akuluakulu. Mphunzitsi wamkulu amene wanena zoona kuti ana 40 ajomba sabata ino ayenera kulandira thandizo, pakuti akadzudzulidwa pamaso pa anzake adzaphunzira kulemba kuti onse analipo. Komanso mlangizi wa zamaphunziro akafika pasukulu aziwerenga yekha ana m'kalasi imodzi kapena ziwiri, ndi kufanizira ndi kaundula ndiponso ndi uthenga umene unatumizidwa. Aliyense akadziwa kuti nambala zimayesedwa, nambala zimayamba kunena zoona.

Chachisanu ndi chinsinsi cha ana. Kaundula wa pa makina amasunga dzina la mwana, zaka zake, mudzi wake, ndipo nthawi zina za umasiye, kulumala kapena pathupi. Zinthu zimene kale zinkakhala m'kabati imodzi tsopano zingathe kufika kwa anthu mazana m'kuphethira kwa diso. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo sukulu nazo ziyenera kulitsata. Dzina la mtsikana amene watenga pathupi lisalembedwe pa gulu la WhatsApp. Chithunzi cha mwana wovala nsanza chisafalitsidwe pofuna kuonetsa kuti wina wapereka thandizo. Uthenga wopita ku ofesi unyamule nambala zokha, ndipo maina atsale pasukulu m'manja mwa mphunzitsi wamkulu ndi awo amene apatsidwa udindo wokachezera banja la mwanayo.

Alipo ena amene amafunsa kuti, nanga bwanji kugula matabuleti pamene ana ena akuphunzirabe pansi pa mtengo, aphunzitsi alibe nyumba, ndipo choko chimatha teremu isanathe? Funso limeneli ndi la nzeru ndipo siliyenera kunyozedwa. Tabuleti singalowe m'malo mwa denga, desiki kapena chimbudzi cha atsikana, ndipo pasukulu yopanda chipinda chokhoma palibe ngakhale posungira makinawo. Ntchito youmba njerwa ndi kumanga iyenera kupitirira monga kale. Koma yankho lina nlakuti chiwerengero choona, chofika pa nthawi yake, ndicho chida cholimba chopemphera midadada ndi aphunzitsi. Boma lakutali limaiwalika msanga pogawa zinthu ngati zosowa zake zikudziwika mongomva. Khonsolo imene ingathe kuonetsa kuti sukulu yakutiyakuti ili ndi ana 400 ndi aphunzitsi anayi, ndipo kuti kujomba kumakwera mwezi wakutiwakuti mtsinje ukadzaza, imalankhula ndi mphamvu pamaso pa Unduna kuposa imene ingoti zinthu zavuta.

Udindo waukulu tsono uli pa ogwira ntchito m'Boma. Uthenga umene watumizidwa uyenera kuyankhidwa. Palibe chimene chimafooketsa mphunzitsi ngati kukwera phiri sabata iliyonse kutumiza nambala zimene palibe amene amaziwerenga. Ofesi ya maphunziro ya boma iyenera kukhala ndi munthu wodziwika amene Lolemba lililonse amaona zimene zabwera kuchokera m'madera onse, nadziwitsa alangizi sukulu zimene kujomba kwakwera. Alangizi nawo azikonza maulendo awo potsata zimenezi, kuti mafuta ochepa amene alipo apite kumene kuli vuto, osati kumene msewu uli wabwino. Tabuleti ikawonongeka kapena batire ikafa, mphunzitsi wamkulu adziwe wouza ndi masiku amene ayenera kudikira. Ndipo posamutsa aphunzitsi, ofesi iziona kuti pasukulu patsale wina wodziwa kusamalira makinawo, pakuti luso likakhala mwa munthu mmodzi limachoka naye pa tsiku limene wakwera galimoto.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi paboma ali ndi gawo lawo, ndipo gawolo limayamba ndi chitsanzo. Iwo amakhala m'midzi momwemo ndipo amadziwa nyumba imene mwana amatumidwa kumsika kapena kubusa pa nthawi ya sukulu. Pa misonkhano yawo azikumbutsa makolo kuti mwana afike belu lisanalire, ndipo aziyamba ndi ana a m'nyumba zawo. Azithandiza mafumu ndi makomiti kupeza mlonda ndi kulimbitsa zitseko, pakuti mapanelo a sola ndi mabatire amakopa akuba, makamaka m'madera amene katundu amaoloka malire usiku umodzi. Koma pali malire amene sayenera kudumphidwa. Katundu wa sukulu ndi wa ana onse, posayang'ana chipani cha makolo awo. Mtsogoleri asabwereke tabuleti, asatengere sola ya sukulu ku msonkhano, asapemphe kaundula wa ana pa ntchito za ndale, ndipo asatulutse ana m'kalasi kukaimba pa mwambo wopereka makina amene abwera kudzawasunga m'kalasi.

Mafumu, makomiti a sukulu, mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, ndi magulu a amayi amene amayang'anira maphunziro a atsikana ndiwo miyendo ya ntchito yonseyi. Foni ingathe kunena kuti mwana wajomba masiku atatu, koma singayende kukafika pakhomo pake. Pafunika mayi wa m'gulu la amayi amene adzakhala pamphasa ndi make wa mwanayo, nadzamva ngati vuto ndi matenda, njala, kusowa sopo, mtsinje wodzaza kapena mwamuna amene wayamba kuzungulira pakhomopo. Pafunika nyakwawa imene idzaitana bambo wotuma mwana kubusa. Sukulu iliyonse ingathe kugwirizana lamulo losavuta lakuti mwana akajomba masiku atatu otsatizana popanda chifukwa chodziwika, wina apite kwawo sabata yomweyo, ndipo zimene wapeza zilembedwe m'buku. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lamulo lotere silifuna ndalama za kunja, ndipo lingayambe teremu ino m'sukulu zimene zili ndi matabuleti ndi zimene zikudikirabe.

Pakutha pa chaka, boma la Chitipa lisadzayesedwe ndi kuchuluka kwa makatoni amene analandira. Lidzayesedwe ndi mafunso amene kholo lililonse lingamve: masiku angati pa teremu matabuleti anatulukadi m'kabati, mauthenga angati a aphunzitsi aakulu anayankhidwa, ana angati ojomba anachezeredwa kwawo, ndipo angati mwa iwo anabwerera m'kalasi. Mayankho a mafunso amenewa azilengezedwa pa msonkhano wa makolo ndi pa msonkhano wa khonsolo, sukulu ndi sukulu, kuti amene achita bwino ayamikiridwe ndipo amene atsalira athandizidwe. Zikatero, makina amene dziko likugula ndi ndalama zambiri adzakhala atagwira ntchito imene anabwerera, ndipo mwana wa ku Nthalire kapena ku Misuku adzadziwa kuti tsiku limene sanayankhe dzina lake, alipo amene anazindikira ndi kunyamuka kukamufuna.